Makoma a Lachisanu

A Laurenti anayamba uphunzitsi m'nyengo ya chiperoni, pamene phiri la Bangwe limaswera litafunda nkhungu ndipo zovala zimagona pachingwe osauma. Anali atapitirira zaka makumi asanu. Kutsogolo kwa kalasi anali asanaimepo. Ntchito yawo chiyambire unyamata inali kumanga nyumba.

Kwawo ndi ku Nsanje, kumene nthaka imang'aluka m'chilimwe n'kusanduka dambo m'dzinja. Anabwera m'tauni pa sitima ali mnyamata wa miyendo yoonda. Anayamba ndi kuponda matope ndi kutungira madzi amisiri a ku Ndirande, mpaka mmodzi wa amisiriwo anawagwiritsa mpeni womangira. Patapita zaka anakalemba mayeso a zaumisiri nakhoza. Anakwatira a Anjelina, a kwawo komweko, ukwati wa kutchalitchi cha Katolika, n'kukhazikika ku Bangwe. Nyumba zambiri za kumtunda kwa msika zinadutsa m'manja mwawo. A ndalama ankawamangira ndi simenti. Ena onse ankawamangira ndi dothi, monga timachitira kuno, simenti n'kudikira chaka china. Nyumba yawo nayonso anaimanga ndi dothi, m'munsi mwa phiri, ndipo chaka chinacho sichinafike.

Chimene chinafika ndi namondwe wa Freddy. Mvula inagwa masiku angapo osapuma, khoma la kumtunda linamwa madzi mpaka kukhuta. Linagwa m'mawa, a Laurenti ali panja ndi khasu kutsegula ngalande. M'nyumba munali mwana wawo wotsiriza, Chrispin, amene mayi ake anamukaniza kutuluka kuopa kuti angavumbwe. A Laurenti anachotsa njerwazo ndi manja, imodziimodzi, mpaka anamupeza. Anali atatisiya kale.

Kuchokera pamenepo ntchito inawathawa, kapena iwo ndiwo anaithawa. Munthu akabwera kudzawaitana kuti akamumangire, ankavomera, koma tsiku likafika sankapita. Anasamukira m'chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa msika, n'kumadyera tomato amene a Anjelina ankagulitsa. Ndiye pamene sukulu ya ntchito zamanja ya m'dera lathu inafuna aphunzitsi atsopano, anzawo a kumphakati wa kutchalitchi anawakankha kuti akayese. Anawatenga. M'mawa wa tsiku loyamba a Anjelina anawasitira malaya.

"Kumeneko simukamangira munthu wogonamo," anatero. "Ndi zophunzitsa basi."

Analowa ntchito atatu tsiku limodzi. Mkulu wa sukuluyo, a Austin, anawaimika pakhonde pamaso pa ophunzira, onse manja ali m'khwapa chifukwa cha kuzizira.

"Awa ndi mayi Fatimah, a zosoka. Awa ndi a Limbani, a zamagetsi."

"Magetsi ake ati, sa?" anafunsa wina kumbuyo, poti m'mawa umenewo anali atazima. Anthu anaseka, a Limbani nawonso anaseka.

"Ndipo awa ndi a Laurenti, a zomangamanga. Ena mwa inu munabadwira m'nyumba zimene anamanga awa, ndiye muzichepetsa pakamwa."

Ophunzira atabalalika, a Austin anauza atatuwo kuti miyezi yoyambayi inali yongoyesana. Wokhazikika adzadziwika pofika mvula. Kenaka anatengera a Laurenti kuseri, ku bwalo lopanda mpanda lotsetserekera ku kanjira ka kumsika. Kunali mulu waukulu wa njerwa zootcha, mchenga, ndi matumba ochepa a laimu.

"Simenti kuno sitigwiritsa, achimwene. Mchenga ndi kalaimu pang'ono, bola njerwa ikhale. Amayamba kumanga Lolemba. Lachisanu amagwetsa, amapala njerwa, amazisanja, kuti Lolemba linalo ayambirenso. Njerwa izi zaphunzitsa anthu ambiri kuposa ine."

A Laurenti anavomera ndi mutu. Maso awo anali pa njerwa, kuona ngati zinapsa bwino. Mawu a Lachisanu aja anangowadutsa.

Kuphunzitsa kunawayanja. Sankalankhula zambiri. Ankakoka chingwe, kuika njerwa imodzi, kuigogoda ndi chigwiriro cha mpeni, n'kupereka mpeniwo kwa wina. Ophunzira anawatcha Madala. M'kalasimo munali mtsikana wina, Olivia, wa dzanja lofulumira ndi pakamwa pofulumira, ndi Venansio, wamtali, amene khoma lake linkapendama nthawi zonse.

"Venansio, khoma lakoli likupita kuti?"

"Likupita ku Limbe, Madala," anayankha Olivia. "Latopa ndi Bangwe."

Pofika Lachinayi makoma anali ofika m'chifuwa. Madzulo ake a Laurenti anadya osasiya kanthu m'mbale, ndipo a Anjelina anaona.

Lachisanu atamwa tiyi, anyamata anavula majekete. A Laurenti anali kupukuta levulo yawo yoyezera khoma pamene anaona Venansio ndi anzake atatsamiza mapewa pa khoma, akuseka. Khoma likamagwa silikuwa. Limapuma kamodzi, mozama, ngati ng'ombe ikamagona pansi, kenaka fumbi.

Zimene zinatsatira sanazidziwe. Anangozindikira ali mumsewu waukulu pakati pa maminibasi, levulo ili m'manja, kondakitala akuwafunsa, "Limbe, madala?"

Mayi Fatimah anali atawaonera pawindo la chipinda chosokera. Lolemba anawabweretsera tiyi kuseri kuja.

"Ndinakuonani Lachisanu, bambo. Ndiye ndinafunsa anthu, anandiuza za mwana. Pepani." Anaika kapu pa njerwa. "Bwanji muziwauza azichotsa imodziimodzi, kuyambira pamwamba? Sizichita phokoso."

A Laurenti anayang'ana zikhatho zawo.

"Imodziimodzi ndinachotsapo kale, mayi."

Mayi Fatimah anawaonjezera shuga m'kapu.

Lachisanu lotsatira, anyamata atayamba kuvula majekete, a Laurenti anati, "Asiyeni."

"Madala, lero si Lachisanu kodi?" anafunsa Olivia.

"Asiyeni aime. Sesani m'bwalomu."

Lolemba anatapa njerwa zina pamulu n'kukakoka chingwe pamalo ena, kumunsi pang'ono. Sabata linalo anachitanso chimodzimodzi.

Chiperoni chinatha. Mphepo ya Ogasiti inabwera ndi fumbi ndi timajumbo touluka, mango anachita maluwa. M'bwalo muja makoma anachulukana, ena owongoka, ena a Venansio, ngati mudzi umene eni ake anasamuka asanafolere. Mulu wa njerwa unkaphwa. Kumapeto kwenikweni, m'mphepete mwa kanjira ka kumsika, anaphunzitsa kumanga ngodya. Panatuluka kachipinda ka makoma atatu, kotalika kupitirira munthu. Kalasi yonse inaikapo dzanja, ndipo ngakhale mzere wa Venansio unawongoka.

A Austin anali munthu woleza. Poyamba anangoseka.

"Achimwene, ndikumva kuti kuseriku tikumanga tauni. Mapuloti mukugawa liti?"

Koma jakaranda atayamba kufiirira m'misewu, njerwa zinatha. Ophunzira anatha sabata lathunthu ali pamthunzi, ena pafoni, ena akuponya miyala pachitini. Lachisanu m'mawa a Austin anaitana a Laurenti.

"Pitani ku Limbe mukatitengere laimu. Musafulumire."

Onse awiri ankadziwa chifukwa chake. A Laurenti anapita, anakhala pa benchi ya sitolo mpaka dzuwa litapendeka. Pobwerera anapeza bwalo lili see, njerwa zitasanjidwa bwinobwino. Koma kachipinda ka kumunsi kaja kanali chiimire. Pamwamba pake panali pepala lakuda la pulasitiki lopsinjidwa ndi miyala, ndipo pakhomo pankafuka utsi.

Venansio anawachingamira, fumbi lili mbuu m'tsitsi.

"Tinafika nako, Madala, koma muli munthu. Ife kugwetsa nyumba ya munthu ayi."

Munthuyo anali mayi wachitsikana dzina lake Ellen, amene ankakazinga chinangwa m'mbali mwa kanjira kaja. Anali ndi kamwana kakakazi, Faith. Nyumba imene ankachita lendi inagwa ndi mvula yomwe ija. Anakhalako kumsasa, kenaka kwa abale, mpaka nkhope za abalewo zinasintha. Mwamuna wake anapita ku Joni ndipo foni yake inasiya kugwira. Poyamba Ellen ankangokhala pamthunzi wa khomalo pogulitsa. Kenaka anayamba kusiyamo mbaula. Kenaka mphasa.

A Austin nthawi ino sanaseke.

"Mlonda wamuuza, ine ndamuuza. Amati achoka, koma sachoka. Apolisi sindikufuna kuitana. Khoma limenelo munalisiya ndinu, achimwene. Likadzagwera kamwana kaja..." Anaima, anayang'ana kumbali. "Pepani. Koma mvula isanakhazikike lichoke, ndipo mulichotse inuyo ndi kalasi yanu. Mphunzitsi wa zomanga amene sangaphwasule ine sindingathe kumusunga. Njerwa zina ndilibe."

Tsiku lotsatira a Laurenti anatsetserekera kumunsi kuja. Anapeza Ellen akusenda chinangwa, Faith akusewera ndi zitsekerero za mabotolo mkati, patsinde penipeni pa khoma.

"Odi, amake Faith."

"Lowani, aphunzitsi. Nyumba ndi yanu."

Sanalowe. Anaima panja, dzanja lili pa njerwa zofunda ndi dzuwa.

"Khoma ili lilibe simenti. Ndi la maphunziro chabe."

Anakanda ndi chikhadabo pakati pa njerwa ziwiri. Mchenga unayoyoka n'kugwera pa nsapato zawo.

"Ndikudziwa," anatero Ellen. "Ndimausesa m'mawa uliwonse."

"Mvula ikabwera ligwa."

"Ija inagwa ija inalinso yopanda simenti, ndipo ndinkalipira lendi. Inu mungandilozere khoma la simenti muno mu Bangwe limene ine ndingagonepo?"

A Laurenti anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi. Nyumba zambiri zimene zinkaoneka ankazidziwa mkati mwake. Sanaloze.

"Koma ili ndi lowongoka, bambo," anapitiriza Ellen, mpeni ukuyendabe pa chinangwa. "Sindinagonepo pa khoma lowongoka chonchi. Ndikagona ndimayang'ana mizere yake, mtima umakhala pansi."

A Laurenti anayesa zimene munthu angayese. Anapempha a Austin kuti alimangenso ndi simenti pamalo omwewo. A Austin anati malowo ndi a sukulu, ndipo akalola mmodzi, mawa adzapeza mabanja khumi m'bwalomo. Anakanena kumphakati. Kumeneko anamvetsera mwaulemu, anati otere alipo ambiri, afunsafunsa, ndipo anapempherera mayiyo potseka msonkhano. Potsiriza anauza a Anjelina, madzulo, akusankha tomato woola pa lichero.

"Bwanji agone kuno, mpaka mvula idutse?"

A Anjelina anayang'ana chipindacho: bedi, ndowa, mphasa ya Chrispin yopindidwa pakona.

"Mwanayo ndi wamkulu bwanji?"

A Laurenti anakweza dzanja kufika m'chiuno mwawo. A Anjelina anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali.

"Abambo ake Chrispin, mukufuna ndizimva mwana wa eni akupuma pamphasa ija? Sindingathe. Tchimo limenelo ndipatseni ine, ndikalapa Loweruka."

M'mawa anamanga tomato m'chitenje chakale n'kuwapatsira kuti akapereke. Ellen analandira ndi manja awiri. Chitenjecho anachipachika pakhomo kukhala chitseko.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake. Nyenje zinkalira kuyambira m'mawa, malata ankathetheka masana. Kalasi inabwerera ku ntchito ndi njerwa zija, koma Lachisanu lililonse a Laurenti ankapeza chifukwa chochokera pabwalo, ophunzira n'kugwetsa okha. A Austin ankaona. Za kachipinda kaja sankafunsanso. Akakumana pakhonde ankangokweza maso kumwamba, kumene mitambo inayamba kuunjikana masana kuseri kwa phiri la Mpingwe n'kumwazikanso madzulo.

A Laurenti, amene anakulira kumunda, anali asanadanepo ndi mtambo. Tsopano akamva kamphepo kachinyezi, ankaganiza za khoma lija. Ankadzera kanjira kakumunsi popita ndi pobwera, kuyang'ana khoma, kugula chinangwa chimene sankachifuna.

"Mwapeza malo, amake Faith?"

"Ndikufunafuna, aphunzitsi."

Chizimalupsa chinagwa masana ena, chachidule, cha madontho akuluakulu. Fumbi linanunkhira. Ana anathamanga m'misewu opanda malaya, ndipo madzulo ngumbi zinatuluka. M'mawa mwake a Laurenti analawira. Mapiko a ngumbi anali mbwee m'kanjira. Patsinde pa khoma panali mzere wakuda wa chinyontho, wofika m'bondo, ndipo mchenga unali utatuluka m'mizere ya njerwa n'kutsetsereka ngati malovu. Anaika chikhatho pa khoma n'kukankha pang'ono, pang'ono zedi. Khoma linavomera.

Ellen anatuluka, maso ali ofiira.

"Ndaona," anatero. "Musanene. Faith ndinamugoneka pakhomo, ine ndinakhala tsonga. Ndipatseni mpaka Lachisanu."

Lachisanu kunacha kotentha, kumwamba kuli mitambo yolemera. A Laurenti anatsogolera kalasi yawo kumunsi. Ellen anali atamanga kale katundu: mphasa, mbaula, ndowa, pepala lakuda lija atalipinda. Anakhala pa mtolowo m'mbali mwa kanjira, Faith ali pamwendo.

"Mukupita kuti?" anafunsa a Laurenti.

"Mayi wina wa kutchalitchi kwathu wandibwereka kitchini, kumunsi uko, kufupi ndi mtsinje."

"Ya njerwa zanji?"

"Zidina."

"Anamanga ndani?"

"Sindinafunse."

"Madzi amadzera mbali iti?"

"Sindinafunse, bambo."

Ophunzira anaima mozungulira, osadziwa poyambira. Venansio anakhosomola.

"Tikankhe, Madala?"

"Ayi. Bweretsa diramu. Ena nonse imani pamzere."

Anakwera pa diramu. Anagwira njerwa ya pamwamba, ya pangodya. Inazuka yokha, yopepuka, ngati inkangodikira. Mchenga unawazikira Olivia kumaso, koma Olivia anangotambasula manja n'kulandira, n'kupatsira wotsatira. Yachiwiri. Yachitatu. Thukuta linkatsikira m'maso mwa a Laurenti ndipo sanalipukute. Sanayang'ane pansi mkati mwa kachipindako. Ankayang'ana njerwa imene ili m'dzanja, basi. Mayi Fatimah anatuluka m'chipinda chosokera, tepi ili m'khosi, n'kuima chapatali. A Austin anali pakhonde.

Khoma litatsika kufika m'chifuwa, Faith anatsika pamwendo pa mayi ake.

"Mukupita nayo kuti nyumba yathu?"

Mzere wonse unaima. Njerwa inatsala m'manja mwa a Laurenti.

"Tikukaisunga, mwana," anatero Olivia. "Ingavumbwe."

Faith anaganiza pang'ono, anavomera ndi mutu. Njerwa zinayambanso kuyenda.

Ellen sanadikire mzere womaliza. Anasenza mtolo, anagwira mwana padzanja.

"Tsalani bwino, aphunzitsi. Mukawathokozere amayi chifukwa cha chitenje."

Anatsika ndi kanjira. Pofika masana, pamalo paja panatsala mchenga wonyowa, phulusa la mbaula, ndi zitsekerero za mabotolo.

Lolemba a Austin anawagwira dzanja pakhonde.

"Mwakhazikika, achimwene. Mayi Fatimah ndi a Limbani nawonso."

"Zikomo, abwana."

A Anjelina atamva anati Mulungu ndi wabwino, ndipo anakagula usipa. Za Ellen sanafunse.

Mvula inakhazikika. Chimanga chinamera m'timinda ta pakati pa nyumba, masuku anadzaza mumsika. Kalasi inasamukira pansi pa shedi ya malata. Amamanga kuyambira Lolemba, ndipo Lachisanu amaphwasula, imodziimodzi, a Laurenti ali kutsogolo kwa mzere. Zimatenga m'mawa wonse. Anyamata amadandaula kuti kale zinkatha msanga, koma amachita. A Laurenti pa tsikulo samwa tiyi.

Loweruka lina, mvula itagwa usiku wonse, anabwereka khasu n'kutsika kumtsinje. Anafunsafunsa mpaka anapeza kitchini ija. Inali kuseri kwa nyumba ina, yomangidwa ndi zidina ndi dothi, khoma lake limodzi litayang'ana kumtunda, kumene madzi amachokera. Chitenje cha a Anjelina chinali pakhomo. Mkati Faith ankaimba yekha.

Ellen anasuzumira.

"Aphunzitsi. Mwabwera kudzatenganso iyi?"

"Ayi. Ndingotsegula ngalande."

Anavula nsapato, anapinda thalauza, anayamba kukumba kuseri kwa khoma. Dothi linali lofewa, lomata ku khasu. Anaikumba mozama, anaikhotetsa kuti madzi azilambalala ngodya, anaponda m'mbali mwake ndi mapazi. Inali ngalande yabwino. Ya kunyumba kwawo ija inalinso yabwino.

Atamaliza anatsuka khasu m'chithaphwi. Kuseri kwa Mpingwe kunali kutadanso.